Lendi, Thangata ndi Mtunda: Mbiri ya Nyumba za Antchito Pafupi ndi Minda ya Tiyi ku Mulanje

M'mizinda monga Blantyre ndi Lilongwe, madera okhala anthu opeza bwino, amene ambiri amangowatchula kuti kumayadi, amadziwika ndi mipanda yaitali komanso mtunda umene wophika, mlonda ndi wosamalira maluwa amayenda m'mawa uliwonse kuchokera ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mtandire. Boma la Mulanje lilibe mzinda waukulu, komabe kwa zaka zoposa 130 lakhala ndi mayadi akeake, omwe ndi nyumba za akuluakulu a minda ya tiyi zomangidwa pa zitunda za m'munsi mwa phiri, ndipo vuto la kumene banja la wantchito lingapeze pokhala potsika mtengo pafupi ndi chuma chimenechi linabadwa limodzi ndi tiyiyo. Chimene chimasiyanitsa Mulanje ndi mizinda n'chakuti kuno mwini nthaka, mwini nyumba ndi mwini ntchito anali munthu mmodzi, kotero kuti lendi, yomwe ndi malipiro a malo okhala, inayamba kuperekedwa ndi thukuta zaka zambiri isanayambe kuperekedwa ndi ndalama.

Chiyambi cha nkhaniyi chili m'chaka cha 1891, pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Britain ndiponso pamene Henry Brown, amene anali atalimapo khofi ku Ceylon, anabzala tiyi pa munda wa Thornwood, ndipo pambuyo pake John Moir wa kampani ya African Lakes anadzakhala ndi munda wa Lauderdale chapafupi pomwepo. Mbali ya kummwera kwa phiri imalandira mvula yambiri ndipo nthaka yake ndi yoyenera tiyi, n'chifukwa chake azungu anailimbirana. Harry Johnston, yemwe anali woyamba kuyendetsa boma la atsamunda, anatsimikiza umwini wa malo amenewa popereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim, ndipo m'zikalata zambiri munali ndime yonena kuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe popanda chilolezo cha boma. Ndimeyi inkaoneka ngati chitetezo, koma inali ndi mipata iwiri ikuluikulu: sinatchule mayina kapena malire a midziyo, ndiponso sinaganizire kuti alimi a nthawi imeneyo ankasamutsa minda yawo nthaka ikaguga, mwakuti banja likangolima malo atsopano, mwini esiteti ankanena kuti ufulu wake watha.

Anthu amene analipo m'derali, Amang'anja ndi Ayao a pansi pa mafumu monga Mabuka, Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri, sanali ochuluka, popeza nkhondo ndi malonda a akapolo zinali zitabalalitsa midzi yambiri, ndipo malinga a Fort Anderson ndi Fort Lister anamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira za malondawo. Eni minda anali ndi malo aakulu koma analibe manja olima. Manjawo anachokera kum'mawa, kutsidya kwa mtsinje wa Ruo ndi Muloza, kumene Alomwe ankathawa misonkho, ntchito yokakamiza ndi njala za mu ulamuliro wa Apwitikizi. Kalembera wa 1921 anapeza Alomwe oposa 120,000 m'dziko lonse, ndipo pofika 1945 chiwerengerochi chinali pafupifupi 380,000, ambiri a iwo ali ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba. Popeza anali obwera, ndime ya Johnston sinkawakhudza, ndipo malo omanga nyumba ndi olima ankawapeza pokhapokha atavomera thangata.

Thangata, amene poyamba ankatanthauza kuthandiza mfumu kapena mnansi pa ntchito ya kumunda, anasanduka dzina la ntchito imene munthu wokhala pa esiteti ankagwira m'malo mwa lendi. Kawirikawiri mwezi umodzi unkawerengedwa kuti ndi wa lendi ndipo wina unali wa msonkho wa nyumba, umene boma linkatolera pa nyumba iliyonse, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1921 msonkhowo unkatsitsidwa kwa munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi. Mwezi wa pa esiteti sunali wa pakalendala, chifukwa unkawerengedwa pa tikiti, kapepala kamene kapitawo ankachongapo tsiku pokhapokha ntchito yopimidwa itatha, mwakuti masiku 30 ankatha kutenga milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Apa m'pamene pali mfundo yofunika kuimvetsa: nyumbayo ankamanga ndi wokhalamo mwini, ndi mitengo, dothi ndi udzu zimene anasonkhanitsa yekha, choncho chimene ankalipira sichinali denga kapena khoma, koma chilolezo chokhala pa nthaka.

Boma la atsamunda linkadziwa kuti dongosololi linali lokayikitsa. Mu 1903, pa mlandu wa pakati pa woyang'anira nkhani za anthu akuda ndi kampani ya Blantyre and East Africa, woweruza Joseph Nunan anagamula kuti anthu amene anali pa malo kalata za umwini zisanaperekedwe sankayenera kulipira lendi, koma chigamulocho sichinasinthe zambiri, popeza kusiyanitsa mwini mudzi wakale ndi wobwera kunkafuna umboni umene palibe anausunga. Kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915, kumene kunalunjika pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero m'boma la Chiradzulu, kunaonetsa poyera mkwiyo wa anthu okhala pa maesiteti, ndipo lamulo la 1917 linayesa kuika lendi ya ndalama m'malo mwa ya ntchito. Eni minda sanafune ndalama za anthuwo koma mphamvu zawo, ndipo pokhala ndi ufulu wothamangitsa aliyense, anapitiriza monga kale.

Lamulo limene linakhudza kwambiri moyo wa mabanja linali la 1928, lotchedwa Natives on Private Estates Ordinance, limene linathetsa kusiyana kwa eni midzi akale ndi obwera n'kuwasandutsa onse anthu olipira lendi, kaya ndi ndalama, ndi mbewu kapena ndi ntchito. Lamuloli linalola mwini esiteti kuchotsa mpaka banja limodzi pa mabanja 10 alionse pa zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa, linachotsa ufulu wokhala pa malopo kwa mwana wamwamuna akakwanitsa zaka 16, ndiponso linapatsa mwini malo mphamvu yokana mwamuna amene wakwatira mwana wamkazi wa pamudzipo. Ndime yomalizayi inali yowawa mwapadera ku Mulanje, kumene Alomwe, Amang'anja ndi Ayao onse amatsata chikamwini, mwambo umene mwamuna amasiya kwawo n'kukamanga nyumba kumudzi kwa mkazi wake, ndipo nthaka imayenda kudzera mwa amayi ndi ana awo aakazi amene pamodzi amapanga mbumba. M'mudzi wotere, kukana mkamwini kunali kukana kuti mbumba ikule pamalo ake, ndipo kumulola kunkadalira kuti iye avomere thangata. Motero ukwati weniweniwo, womwe pamwambo unali nkhani ya ankhoswe ndi eni mbumba, unayamba kudutsa pa ofesi ya bwana, ndipo olemba malamulowo, amene ankaona banja ngati la bambo, mkazi wake ndi ana ake, mwina sanazindikire kukula kwa chimene anagwedeza, ngakhale kuti eni minda ankachidziwa bwino ndipo ankachigwiritsa ntchito.

Tiyi anakula kwambiri m'zaka za m'ma 1930, pamene mgwirizano wa mayiko olima tiyi wa 1933 unachepetsa zotumiza kunja za India, Ceylon ndi Dutch East Indies n'kukweza mitengo, ndipo makampani monga J. Lyons ku Lujeri, Ruo Estates ndi Blantyre and East Africa anawonjezera minda ndi mafakitale, tiyiyo n'kumatuluka kudzera pa siteshoni ya njanji ya Luchenza. Anthu a thangata okha sakanakwanira, choncho maesiteti anafunika malo ogonekapo antchito ochokera kutali, ndipo m'pamene makomboni anachuluka. Komboni, kapena kuti malaini, inali mizere ya tinyumba tomangidwa ndi kampani pafupi ndi fakitale kapena m'mphepete mwa munda, ndipo wokhalamo ankalandira phoso, chakudya cha ufa ndi nyemba choperekedwa monga mbali ya malipiro. Maonekedwe a esiteti ankasonyeza udindo wa munthu aliyense popanda kufunsa: manijala wamkulu anali pachitunda m'nyumba ya khonde lozungulira, ya kapinga ndi mitengo yamaluwa, yoyang'ana phiri kapena chigwa cha Ruo, omuthandiza anali m'nyumba zocheperako, makalaliki ndi akapitawo anali ndi zawo, ndipo othyola tiyi anali kumunsi kwenikweni. Kuseri kwa nyumba ya bwana kunali tizipinda ta wophika ndi wantchito wa m'nyumba, anthu okhawo amene ankagona pafupi ndi chumacho, ngakhale kuti nthawi zambiri mabanja awo ankatsala kumudzi.

Wolemba mbiri Robin Palmer, amene anafufuza za moyo wa antchito a m'minda ya tiyi ya Nyasaland pakati pa 1930 ndi 1953, anaonetsa kuti malipiro anali otsika, nyumba zinali zosalongosoka, ndipo antchito ankayankha mwa kujomba kapena kusamukira ku munda wina. Kujombako, kumene eni minda ankakutcha ulesi, kunali ndi chifukwa chomveka, popeza tiyi amaphuka kwambiri kuyambira December mpaka April, nyengo yomweyo imene banja liyenera kubzala ndi kupalira chimanga chake. Munthu wokhala m'komboni analibe munda woti n'kudalira, pamene wokhala pa malo a mafumu kunja kwa esiteti anali ndi munda komanso ufulu wokana ntchito, koma ankalipira ufuluwo ndi miyendo, poyenda mtunda wautali mbandakucha kuti akafike pa nthawi yoitana mayina. Enanso ankawoloka malire kuchokera ku Milange ku Mozambique n'kumabwerera kwawo ntchito ikatha. Kusankha pakati pa kukhala pafupi uli womangika ndi kukhala kutali uli womasuka kunakhazikika m'zaka zimenezi, ndipo sikunachoke.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linaitana Sir Sidney Abrahams kuti adzafufuze za nthaka, ndipo lipoti lake la 1946 linati njira yothetsera mkangano inali yoti boma ligule malo osalimidwa a maesiteti n'kukhazikitsapo anthu. Pa nthawiyo mabanja pafupifupi 49,000 ankakhala pa malo a azungu m'dziko lonse. Kugulako kunayenda pang'onopang'ono mpaka njala ya 1949 ndi zipolowe za mu August 1953, zimene zinayambira ku Thyolo n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo ndipo zinaphetsa anthu 11, zinakakamiza boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby kufulumira. Lamulo la 1962 linathetsa thangata, ndipo pofika nthawi imeneyo mabanja otsala pa maesiteti anali pafupifupi 9,000. Komabe malo amene anagulidwa anali makamaka amene makampani sankawafuna, pomwe nthaka yabwino ya m'munsi mwa phiri, yomwe inali kale ndi tiyi, inakhalabe m'manja mwa eni ake, ndipo boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda, limene linkadalira tiyi pa ndalama zakunja, silinaikhudze dziko litalandira ufulu mu 1964.

Kutha kwa thangata kunalekanitsa nthaka ndi ntchito, koma sikunalekanitse nyumba ya kampani ndi ntchito. M'kupita kwa zaka makampani anamanga nyumba za njerwa ndi malata m'malo mwa zaudzu, anaika mipopi, zipatala zazing'ono ndi masukulu, ndipo n'zoona kuti komboni ya masiku ano si ya m'ma 1930. Komabe mfundo yake ndi yomweyo, yakuti nyumba ndi ya wantchito pokhapokha ali pa ntchito, ndipo akapuma, akachotsedwa kapena akamwalira, banja liyenera kusamuka. Nyumbazo sizikwanira onse, makamaka m'nyengo ya mvula pamene makampani aakulu a m'bomali, Eastern Produce ndi Lujeri, amalemba antchito ambiri a kanthawi, amene mgwirizano wawo umatha masamba akachepa. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, amene anayamba kuthandizidwa ndi bungwe la Smallholder Tea Authority kuyambira mu 1967, ali ndi mwayi wosiyana, chifukwa amalima pa nthaka yawo ndipo nyumba yawo sidalira bwana, ngakhale kuti minda yawo ndi yaing'ono ndipo masamba amagulitsabe ku mafakitale a makampani omwewo.

Chimene chinabala msika weniweni wa nyumba za lendi ya ndalama ndi kuchuluka kwa anthu pa malo otsalawo. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inabweretsa othawa kwawo ambiri kudzera pa Muloza m'zaka za m'ma 1980, pa nthawi imene Malawi anasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ngakhale ambiri anabwerera mtendere utabwera mu 1992, malonda a m'malire anali atakulitsa kale misika. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, limene kukula kwake kumangopitirira pang'ono masikweya kilomita 2,000 kuyambira pamene Phalombe anakhala boma palokha mu 1998, ndipo gawo lalikulu la malowa ndi phiri, nkhalango yotetezedwa ndi minda ya tiyi. Pamene munda wa mbumba wagawidwa kwa ana aakazi ndi zidzukulu mpaka kutsala kachigawo kosakwanira kudyetsa banja, kumanga zipinda zobwereketsa kumapindulitsa kuposa kubzala chimanga, makamaka ngati malowo ali m'mbali mwa msewu.

Motero m'misika monga Chitakale, Limbuli, Muloza, Chisitu ndi Nkando munamera midadada, nyumba zazitali zogawidwa zipinda zoyang'ana bwalo limodzi, mmene banja lililonse limatenga chipinda chimodzi kapena ziwiri n'kumagwiritsa ntchito limodzi chimbudzi, bafa ndi mpopi kapena mjigo wapafupi. Mtengo umatsata zinthu zooneka ndi maso: ngati khoma ndi la njerwa zootcha kapena la zidina, zomwe ndi njerwa zosaotcha, ngati pansi ndi pa simenti kapena pozira, ngati muli magetsi, ndiponso kutalika kwa nyumbayo kuchokera pa msewu wa tala. Mgwirizano nthawi zambiri umakhala wa pakamwa, ndipo landilodi amakhala pabwalo pomwepo, zomwe zimachititsa kuti lendi ikhale nkhani ya ubale ndi kupirirana osati ya malamulo, popeza mwini nyumba amadziwa tsiku limene kampani imalipira ndipo amadziwanso miyezi imene ntchito kulibe. N'zosadabwitsa kuti eni nyumba amakonda mphunzitsi, namwino kapena wapolisi, amene malipiro ake amabwera chaka chonse, kuposa wothyola tiyi wa kanthawi, ndiponso kuti banja la ana ambiri limavutika kupeza malo kuposa munthu wosakwatira, ngakhale onse atakhala ndi ndalama zofanana m'thumba.

Pa Boma penipeni, pamene pali maofesi a DC, chipatala chachikulu ndi bwalo la gofu la kalabu imene azungu a m'minda anasiya, nyumba za boma zimene zinamangidwira ogwira ntchito zake zinachepa kalekale poyerekeza ndi chiwerengero chawo, ndipo bungwe la Malawi Housing Corporation, lokhazikitsidwa mu 1964, laika mphamvu zake zambiri m'mizinda ikuluikulu. Ogwira ntchito m'mabungwe omwe si aboma, amene amatha kulipira miyezi ingapo pasadakhale, amatenga nyumba zabwino za mumpanda, ndipo otsalawo amasunthira kunja, kumene lendi imatsika koma ulendo umatalika. Njinga yakapalasa, ndipo pambuyo pake kabaza wa njinga ndi wa njinga yamoto, ndi zimene zakulitsa dera limene munthu angakhale n'kumafikabe ku ntchito, moti mtunda umene agogo ankauyenda wapansi usiku tsopano uli ndi mtengo wake wa tsiku ndi tsiku umene uyenera kuwonjezedwa pa lendi. Blantyre ali pa mtunda woposa makilomita 60 kudzera pa msewu wa Midima, ndipo ngakhale minibasi imafika ku Limbe m'mawa womwewo, mtengo wa ulendo wobwereza tsiku lililonse umameza malipiro a mlonda kapena wantchito wa m'nyumba, n'chifukwa chake anthu a ku Mulanje ogwira ntchito ku Namiwawa, Nyambadwe kapena Sunnyside amachita lendi kachipinda ku Bangwe kapena ku Ndirande n'kusiya mkazi ndi ana kumudzi, kumene chikamwini chimawapatsa pokhala posalipira.

Zoyesayesa za posachedwapa zalowera mbali ziwiri. Ina ndi yokweza malipiro, monga pulogalamu ya Malawi Tea 2020 imene inayamba mu 2015 ndiponso mgwirizano woyamba wa malipiro wa 2016 pakati pa bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWUM, ndipo m'zokambirana zimenezi mtengo wa nyumba ya kampani unakhala nkhani yovuta, popeza kuiwerengera monga mbali ya malipiro kumakweza chiwerengero cha papepala ngakhale kwa wantchito amene sakhalamo. Kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunakweza mitengo ya simenti ndi malata, ndipo kukwerako kumathera pa wochita lendi. Mbali ina ndi yochotsa anthu m'bomali, monga pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene kuyambira 2004 mpaka 2011, ndi thandizo la World Bank, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Mulanje ndi Thyolo, kupita ku Mangochi, Machinga ndi maboma ena. Mabanja ochokera ku Mulanjewo anapeza minda yokulirapo, koma anaipeza kutali ndi mafakitale, misika ndi mbumba zawo, ndipo chiwerengero chawo chinali chochepa poyerekeza ndi cha otsala.

Otsalawo, posowa malo athyathyathya, akhala akumanga m'malo amene makolo awo ankawapewa, m'mphepete mwa mitsinje yotsika m'phiri monga Ruo, Muloza, Lichenya ndi Likhubula, komanso m'matsitso a phiri m'malire a nkhalango. Namondwe wa Freddy, amene anagwa mu March 2023 n'kupha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, anakokolola midzi m'dera la mfumu yaikulu Njema ndi m'madera oyandikana nalo ku Phalombe, ndipo mabanja opulumuka atatuluka m'misasa anafunika malo ena okwera ndi otetezeka oti amangepo. M'dera limeneli malo ambiri otere ali pansi pa zikalata za umwini zimene mizu yake ili m'zaka za m'ma 1890, ndipo malamulo a nthaka a 2016 ndi kusintha kwake kwa 2022, ngakhale analetsa kupereka umwini watsopano wa mtundu umenewu, sanachotse tiyi pa zitunda zimene Henry Brown ndi anzake anasankha.